Thalauza la achimwene

Amayi anachepetsa thalauza la achimwene m'chiuno, poti kundende anali atatsala mafupa okhaokha. Analisita, n'kulipinda bwinobwino m'jumbo.

"Asatuluke ngati wamisala mwana wanga," anatero.

Achimwene anamangidwa chifukwa chotsogolera sitiraka kufakitale ya sopo, ndipo anawaweruza popanda loya. Loya wina wachifundo anakadandaula kukhoti la mayiko, kunja uko, ndipo majaji akumeneko anagamula kuti amasulidwe. Chotsala chinali chakuti khoti lathu livomereze basi.

Tinakhala pabenchi yakumbuyo, ine, amayi ndi malume. Woweruza sanatiyang'ane n'komwe.

"Boma linasainadi pangano lomvera khoti limenelo," anatero. "Koma Nyumba ya Malamulo sinalisandutse lamulo la dziko lino. Ine ndimaweruza ndi malamulo amene aphungu anu anakhazikitsa. Wamlandu abwerere kundende."

Ndinaimirira n'kukuwa:

"Ndiye ankasainiranji? Ankayesa cholembera?"

Wapolisi anandigwira pakolala n'kunditulutsa ngati thumba la zinyalala.

Malume ananditsatira panja.

"Ukali wakowu ukanakhala moto, mphwanga, bwenzi tikuphikira tiyi. Majaji akunjawo unawavotera liti iwe?"

"Nanga amene tinawavoterawo ali kuti, malume? Akuwodzera m'mipando!"

"Akuwodzeradi. Koma si iwe unkakuwa mumsewu kuti akunja asatilamule? Lero akoma chifukwa akomera ife?"

Ndikanakonda akanakhala akunama.

Loya anatuluka tayi ili pambali. Anati tisataye mtima, aphungu akadzakumana mwina adzakambirana za panganolo.

"Adzakumana liti, bambo?" anafunsa amayi.

Loyayo anangoyang'ana nsapato zake.

Apo lole yakundende inadutsa pachipata. Achimwene anatikwezera dzanja limodzi. Linalo linali litagwira kabudula wakundende kuti asavuke. Amayi anakweza jumbo ija m'mwamba kuti aione, mpaka lole inakhota.

Titafika kunyumba amayi sanavule ndi nsapato zomwe. Anakhala pamakina osokera, n'kutenga lezala, n'kuyamba kusomola ulusi wa m'chiuno uja.

"Amayi, mukutaninso?"

"Sunamuone? Lamukuliranso."

"Dikirani kaye adzatuluke, mudzamuyeze."

Anapinda nsalu, n'kuipindanso, kenaka anaponda makina.