Milu Khumi ndi Iwiri

Anzanga a m'gulu lokonza njira za m'phiri amanditchula kuti Aphuma, ndipo sindikana. Ndine telala, koma matako anga ndi mpando sizigwirizana. Ndikasoka mabatani atatu, maso ali kale pawindo. Choncho kawiri pamwezi ndimatseka shopu, n'kunyamula piki ndi tenti, ulendo wakuphiri kukagwira ntchito yongodzipereka. Mkazi wanga anapirira zaka zitatu. Chaka chachinayi anati, "Ulendo uno ndipita nawo, ndikamuone mkazi mnzangayo amene mukumumangira masitepe."

Msasa wathu uli pamtunda wa maola asanu wapansi kuchokera pomwe msewu umathera. Wotitsogolera ndi a Kapitao, mdala amene anagwira ntchito ya misewu mpaka kupuma. Munthu ameneyu amatha kuuyang'ana mwala theka la ola asanaukhudze, ine thupi lonse likundiyabwa.

Chigawo chomaliza cha njirayo, kuchokera pamsasa kukafika pansonga, ndi thanthwe lokhalokha. Palibe pokumba. Mumangounjika milu ya miyala, kuti munthu akaima pa mulu wina aziona wotsatira. Ntchito imeneyo anandipatsa ine mwezi wapitawo, amvekere ndi ya masiku awiri. Ine ndinaimaliza dzuwa lisanapendeke, milu khumi ndi iwiri, yooneka bwino ngati yogula.

"Mwaiyenda uku ndi uku?" anafunsa a Kapitao tsiku limenelo.

"Ndaiyenda," ndinatero. Kutsika ndinatsikadi, koma kunja kunali ngwee, maso anga ali pa matenti athu. Sindinayang'ane mulu ndi umodzi womwe.

Loweruka m'mawa mkazi wanga anatithandiza kututa miyala mpaka cha m'ma teni. Kenako anapukuta manja nati akufuna akaone pansonga. Ine ndinali nditagwira mgwala, chitsulo chija timatukulira miyala, a Kapitao akutsendera pansi pa sitepe yaikulu. Sindikanatha kusiya.

"Tsatani milu yanga, mayi," ndinatero mokweza kuti ena amve. "Ola limodzi mwafika. Ngakhale wakhungu sangasochere."

Nkhungu inabwera nthawi ya nkhomaliro, popanda odi. Inayamba yameza nsonga, kenako inatsetsereka mpaka tenti yapafupi inangotsala chithunzithunzi. Ndinakhala pansi, ndinadzuka. Ndinathira tiyi, ndinamuiwala pamwala. Ndinayang'ana wotchi katatu mphindi imodzi. Foni kumeneko ndi tochi chabe.

"Mukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira," anatero a Kapitao. "Tiyeni." Anatenga mgwala ndi hamala.

Pokwera zonse zinali bwino. Tikaima pa mulu wina, wotsatira unkaoneka mwa mbuu kutsogoloko, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Pa mulu wachisanu ndi chimodzi a Kapitao anandigwira phewa.

"Tatembenukani. Wachisanu uli kuti?"

Ndinatembenuka. Panalibe kanthu. Tinali titangousiya kumbuyo, koma ndinkangoona thanthwe. Pamenepo ndinakumbukira mmene ndinagwirira ntchito ija. Mulu uliwonse ndinauunjika kunsi kwa chimwala, pobisika mphepo, ndikuyang'ana kumtunda kokha chifukwa ndiko ndinkathamangira. Wokwera amauona. Wotsika amaona msana wa chimwalacho. Ndipo kumanzere kwa wotsika, thanthwe limapendekeka mokoma ngati njira, n'kukathera kuphompho.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinayamba kukuwa.

"Sungani mawuwo," anatero a Kapitao. "Mu nkhungu mawu amachokera mbali zonse, muwasokeretsa mayiwo. Ine nditsala pano ndiziimba chitsulochi. Pitani. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo."

Ndinakwera ndi manja ndi mawondo omwe. Kumbuyo kwanga mgwala unkalira, ngwe, ngwe, mosafulumira, monga mwini wake. Wachisanu ndi chitatu, palibe munthu. Wakhumi, palibe. Pamwala uliwonse wonyowa ndinkafunafuna poterereka nsapato, uku ndikupempha kuti ndisapapeze.

Mkazi wanga ndinamupeza pa mulu womaliza, atakhala pansi, msana atatsamira miyala yanga, manja ali m'khwapa. Milomo inali itachita mbuu.

"Ndinayesa kutsika," anatero, mano akugundana. "Ndinawerenga mapazi khumi ndi asanu, osaona mulu. Ndinabwerera. Ndayesa katatu, bambo. Kachitatuko ndinaponya kamwala kutsogolo, sindinakamve kugwa."

Ndinamuveka jekete langa. Ndinafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndine ndinalakwitsa."

"Ndikudziwa. Kasokedwe kanu ndimakadziwa. Kunja kokongola, mkati ulusi uli lendelende."

Tinatsika titagwirana manja, tikutsata kulira kwa chitsulo. Mtunda wa mphindi makumi awiri unatitengera ola ndi theka. Titawapeza a Kapitao, dzanja lawo linali litatuluka matuza. Sanandinene. Bola akanandinena.

Lamlungu m'mawa kunacha bwino. Ndinayamba kupinda tenti, poganiza kuti mkazi wanga sangafune kuonanso phiri limeneli, kapena ine amene. Ndinamupeza akumanga zingwe za nsapato.

"Mukupinda chiyani? Sabata yamawa kubwera ana a eni ake kuno."

Tinakweranso mpaka pansonga. Iye anaima pa mulu wakhumi ndi chiwiri, ine ndinatsika ndi mwala m'manja kukafuna malo atsopano a wakhumi ndi chimodzi. Ndinaima pamalo pabwino, posalala, pofikika msanga.

"Pano?"

"Sindikukuonani."

Ndinasunthira kumanja, mwala ukundithyola msana. "Nanga pano?"

"Chipewa chokha."

Ndinakwera pamwamba pa chimwala, poyera, pomwe mphepo inkandikankha. Pamenepo mulu umafuna miyala ikuluikulu, ntchito ya ola lathunthu, ndipo milu yotere inatsala khumi. Mapazi anga anali atayamba kale kuyabwa. Ndinawaponda pansi, n'kudikira.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuposa imene a Kapitao amayang'anira mwala.

"Apo," anatero. "Imani pomwepo, bambo. Apo ndiye ndikukuonani."