Mazinga Atatu

"Ine galimoto ndimaimva ndi matako. Ndikangokhala pampando, basi, ndadziwa kale tayala limene likudwala."

Mawuwa anamupeza makaniko ali chagada kunsi kwa lole ya munthu wina, oyilo akumudonthera pachipumi. Sanavutike kusuzumira kuti aone wolankhulayo. Anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, munthu wodinda mapepala mu ofesi ya inshuwalansi, koma yemwe pagalaja ankatchedwa a Injiniya. Dzinalo anthu anawapatsa mowaseka. Iwo analilandira ndi manja awiri ngati digiri.

Makaniko anakumbukira kuti matako omwewo anayenda sabata yathunthu chaka chatha handibuleki ili chikokere. Anangopukuta chipumi. Mlamu ndi mlamu.

Tsikulo a Injiniya anabwerera makoilova, mashoko aja okhala ndi sipuling'i yakeyake, amene thupi lake limalowa m'chikho cha pansi ndi mazinga ngati bawuti. Ukalilowetsa kwambiri galimoto imatsika, ukalitulutsa imakwera. Wogulitsa masipeya wa khomo loyandikana anabweretsa mabokosi awiri n'kuwatsegula pabenchi. M'bokosi lina munali akuda, ataliatali. M'linalo munali ofiira, afupiafupi, owala moti munthu akanatha kumeterapo ndevu.

"Tengani akudawa, alamu," anatero makaniko. "Ndi ofewa, ndipo thupi lake n'lalitali. Mungakweze galimoto mmene mungafunire, mazinga n'kutsalabe ambiri m'chikho."

"Nanga ofiirawa?"

"Amenewo ndi a anthu ochita mpikisano, pamsewu wosalala ngati tebulo. Anawapangira galimoto yokwawa. Inu pakati pa nyumba yanu ndi sukulu ya ana pali mahampu asanu ndi limodzi."

A Injiniya anatembenukira madalaivala amene ankadikira pabenchi, pakuti sankakonda kuyankha munthu mmodzi pamene pali gulu.

"Mwamva? Alamu angawa akufuna ndiyendere mashoko a galimoto ya maliro. Munthu akakalambira kunsi kwa malole, chilichonse amachiona ngati lole."

Madalaivala anaseka pang'ono, mochenjera, poti magalimoto awo anali m'manja mwa wosekedwayo.

Makaniko anamanga ofiirawo. Akanakana, a Injiniya akanapita nawo kwa wina wa pansi pa mtengo, ndipo galimotoyo pakati pa sabata ankayendetsa ndi mlongo wake, ana awiri ali kumbuyo. Anaikweza mpaka pamene chitsulo chinalolera. Kenako anawagwira mlamu wake pamkono n'kuwaonetsa kamzere kozokotedwa pathupi la shoko.

"Kamzere aka kasadzaoneke kunja. Kakatuluka, ndiye kuti chagwira galimoto ndi pemphero. Mukafuna kusintha chilichonse, bwerani nayo kuno."

"Ndamva, abusa," anatero a Injiniya, n'kuponya kumbuyo kasipanala kokhota kamene kanali m'bokosi.

Panja pa galaja panali hampu lalikulu. M'mawa uliwonse, nthawi ya sukulu, makaniko ankamva galimoto ya mlongo wake ikulikwera chammbali ngati nkhanu, kenako khwee, mimba ikukhula simenti. Anthu a pagalaja ankaluma mano. Koma iye phokosolo linkamukhazika mtima pansi. Galimoto yokhula pansi inali galimoto yosakhudzidwa.

Zinatero masabata atatu. Lachisanu lina, atatha masiku anayi asali pagalaja, anaiona ikubwera, nayimitsa nyundo kudikira khwee wake. Inakwera hampu molunjika, n'kutsika bwinobwino, osamveka kanthu. Pakati pa tayala ndi madigadi panali mpata woti munthu n'kulowetsa chibakera. Mwana wamng'ono anamubayibitsa pawindo lakumbuyo.

Anaimba foni manja ali a oyilo.

"Chemwali, galimotoyo yakwera bwanji?"

"Bambo awo anaikweza okha Lamulungu, achimwene. Tsiku lonse ali pansi, malaya oyera. Akuti inu munachita ulesi."

"Palibe chimene ukumva?"

"Kaphokoso chabe. Gu, gu, kutsogolo kumanzereku, ngati munthu akugogoda kuti timutsegulire. Iwo akuti ndi zitsulo zikuzolowerana."

"Bwera nayo pompano."

"Sizitheka, ndikukawasiyira ku ofesi, akufuna akaitsukitse. Mawa tikupita kwa apongozi tonse."

Msewu wa kwa apongoziwo makaniko ankaudziwa. Unkatsika phiri mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina mpweya. Anaimbira a Injiniya kanayi. Kachisanu anayankha monong'ona kuti ali mumsonkhano waukulu, ngakhale kumbuyo kwawo kunkamveka payipi ya madzi ndi wailesi.

Loweruka kutacha, makaniko anaimika kapikapu kake chopingasa pageti pa mlamu wake, n'kutsitsa jeke. Anapeza zikwama zili kale m'buti, ana atakhala kumbuyo atamanga malamba, mlongo wake akukiya chitseko cha nyumba. A Injiniya anatuluka atavala magalasi akuda.

"Alamu, kwagwanji m'mawa uno? Chotsani chingolo chanucho, tachedwa."

"Mphindi zisanu zokha. Ndione tayala limodzi."

"Pakhomo panga? Pamaso pa ana anga?"

Mawu atakwera, anthu anayamba kutuluka. Mayi wa saluni wa kutsidya kwa msewu anabwera chipeso chili m'manja. Mphunzitsi wopuma ntchito wa nyumba yoyandikana anatsamira mpanda, kapu ili m'dzanja. Mlonda wa pasitolo, yemwe ankaweruka, anaimika njinga yake. A Injiniya ataona kuti gulu lakwana, chifuwa chinakula.

"Anthuni, ndiweruzeni. Munthu uyu zamupweteka kuti ntchito imene inamukanika ndaigwira ndekha, ndi kasipanala kamodzi. Nsanje ya m'banja ndi yoopsa." Anatulutsa makiyi n'kuwagwedeza m'mwamba. "Chabwino, kwezani. Mukapeza cholakwika ngakhale chimodzi, makiyi awa ndipereka pompano, ndipo kwa amayi ndipita pabasi ngati mwana wasukulu. Mukapanda kupeza, mundipepese pamaso pa anthu onsewa, ndipo pageti pano musadzapondenso. Aphunzitsi, mwamva?"

"Ndamva," anatero mphunzitsi. "Makutu okha ndi amene sanapume ntchito."

Makaniko anayang'ana mlongo wake. "Tsitsa ana."

"Asatsike, tikunyamuka pompano," anatero a Injiniya.

Mlongoyo anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana mchimwene wake. Anatsegula chitseko n'kumasula malamba a ana.

Makaniko analowetsa jeke kutsogolo kumanzere n'kuyamba kupopa. Galimoto inadzuka pang'onopang'ono. Asanagwade n'komwe anakaona kamzere kaja, kali pamtunda, patali ndi chikho, pansi pake pali mazinga atsopano owala amene sanayenera kuona dzuwa. Anapopanso kawiri. Tayala linasiya nthaka, n'kulendewera.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola fupa la nkhuku. Kenako tayala lonse linagwa pansi, phi, n'kupendekera m'kati. Shoko yofiira inatsala ikulendewera yokha m'mwamba, chikho chake chili pansi, chopanda kanthu.

Palibe anaseka. Mayi wa saluni anagwira pakamwa.

Makaniko analowetsa chala m'chikhomo n'kuchitulutsa chili ndi tizitsulo tonyezimira ngati mamba a nsomba. Anawerenga pamene panadyeka.

"Atatu," anatero, mawu ali pansi. "Mazinga atatu ndi amene amanyamula ana awa sabata yonseyi. Pamalo pa makumi awiri. Kulemera kwa galimoto n'kumene kumazigwirizitsa. Tayala likanangolowa m'dzenje limodzi pakona ya phiri lija, basi."

"Koma pa kanema amene ndinaonera..." anayamba a Injiniya. Anavula magalasi, nawavalanso, nawavulanso. "Mwina jekeyo mwaika polakwika."

"Enawo atatu ndikwezenso?"

A Injiniya anayang'ana matayala atatu otsalawo, onse ali ndi mpata wofanana, woyezedwa bwino ndi rula ya ku ofesi. Mwana wamkulu anafunsa ngati kwa agogo akupitabe, koma palibe anamumva. Amayi ake anali atamugwira phewa mwamphamvu, maso ali pa chikho chija.

Mphunzitsi anakhosomola. "A Injiniya, paja panali mawu."

"Aphunzitsi, zija zinali zongocheza."

"Ine ndinamva ngati pangano," anatero mlonda. "Ndipo sindinagone, ndiye sindikulota."

A Injiniya anatambasula dzanja kupereka makiyi kwa makaniko, nkhope atayang'ana kumbali ngati munthu wobayidwa jakisoni. Makaniko sanawalandire.

"Si ine amene mwandilakwira, alamu."

Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi. Kenako linatembenuka pang'onopang'ono kulunjika kwa mkazi wawo. Mayiyo anatenga makiyiwo osathokoza, nawaponya m'chikwama chake, n'kutseka zipi mpaka kumapeto.

"Basi ya kwa amayi anu imanyamuka naini koloko," anatero. "Mukawauze nokha chimene adzukulu awo sanabwerere."