Amayi Opanda Tsiku

Aida anali atagwada pambali pa sutikesi akupinda malaya a bambo ake, pamene bambo ake aang'ono, a Edward, analowa ndi laputopu kuchokera kusitolo n'kuyamba kuikulunga m'chitenje.

"Iyi ikupita ku Ntcheu," anatero a Edward osayang'ana munthu. "Achimwene anandiuza ndi pakamwa pawo kuti idzakhala ya mwana wanga Themba akadzayamba koleji. Pano wayamba."

Aida anacheukira amayi ake. A Eluby anali pamphasa atatsamira khoma, manja ali pamiyendo. Mwamuna wawo, a Cornelius, anali ataikidwa m'manda Loweruka konkuno ku Chitipa monga anafunira okha. Anabwera kuno ali mnyamata ndi belo la kaunjika, nakwatira mkazi wa ku Kaseye, kenako natsegula sitolo ya mbewu ndi mankhwala a ziweto. Tsopano abale a ku Ntcheu ankabwerera kwawo, ndipo galimoto yomwe anachita hayala inali itaima kale pabwalo.

Aida anayang'anitsitsa laputopuyo. Iye ndi amene anaphunzitsa bambo ake kompyuta pa tchuthi china ali kusukulu ya ukachenjede. Anawasonyeza kupanga tebulo losungira mayina, fomu yolembera, ndi funso lotulutsa m'tebulomo zokhazo zimene munthu akufuna. Atapita kukagwira ntchito ku Lilongwe, bambo ake ankamuimbira foni pafupipafupi, nkhani yake yomweyo. "Mwanawe, batani ili likukana." Kumuchotsera laputopuyo kunali ngati kumudulira foni yomaliza.

Panja panamveka njinga yamoto, kenako mawu a mayi. "Odi kuno!"

Analowa mayi wamtali, fumbi lili mbuu pa nsapato ndi pa chitenje. Anagwada pafupi ndi a Eluby, nawagwira dzanja ndi manja awiri, nayankhulana nawo chapansipansi m'Chitumbuka. Atatha anatembenukira a Edward.

"Monire, adada. Ine ndine Salome, namwino wa pa kachipatala ka mpingo kuseri kwa Wenya. Pepani ndabwera ndi nkhani ya ntchito pa nyumba ya maliro."

"Mwanena nokha, mayi," anatero a Edward. "Pano pali maliro."

"Ndikudziwa, ndinalira nawo Loweruka. Koma mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri a Mafinga. Mitsinje ikadzaza, amayi a kuphiri sangatsikenso."

Anamasula mfundo ya pa chitenje natulutsa fulashi ya kompyuta. Anafotokoza kuti a Cornelius anawapangira pulogalamu yolembera amayi oyembekezera. Lolemba lililonse amadina batani limodzi, ndipo kompyuta imatulutsa mayina a amayi amene masiku awo ayandikira. Akatero, a Amos, woyendetsa njinga yamoto ya chipatala, amapita kukawatenga kuti adzadikirire pafupi.

"Koma pali mtsikana wina, Monalisa. Ndinamulemba ndekha ndi zala zangazi. Mimba yake yatsika kale, mlongo wake wandiuza, koma dzina lake silikutuluka. Ndinawaimbira adada Cornelius ali m'chipatala. Anati, ‘Ndikatuluka ndidzakonza.’" Salome anaika fulashiyo patebulo. "Ndiye ndikuopa. Ngati wasowa mmodzi amene ndikumudziwa, nanga amene sindikuwakumbukira?"

Woyendetsa galimoto analiza hutala panja.

"Bambo aang'ono, ndibwerekeni kaye laputopuyo," anatero Aida. "Zonse zimene bambo anapangira pulogalamuyi zili mmenemo."

"Ulendo wa ku Ntcheu ukuudziwa kutalika kwake, Aida. Tikachedwa tigona panjira, ndipo tili ndi okalamba m'galimotomo."

"Alamu," anatero a Eluby. Mawu awo anali osasa ndi kulira kwa masiku onsewa. "Malaya tengani, njinga tengani, sindikukanizani kanthu. Koma achimwene anu analonjeza mayiyu. Musanyamule lonjezo lawo kupita nalo ku Ntcheu."

A Edward anaima kanthawi, chitenje chili m'manja. Kenako anachimasula pang'onopang'ono naika laputopu patebulo.

Aida analowetsamo fulashi ya Salome, yomwe inali ndi mayina onse a kuchipatala. Fomu itatseguka, Aida anamva ngati bambo ake alowa m'chipindamo. Zilembo zinali zikuluzikulu, mabatani otambalala, ndipo mawu onse anali a Chitumbuka, chilankhulo chimene bambo ake ankachiyankhula mokhotakhota mpaka ana kumawaseka.

"Ankabwera ndi mbewu kwa alimi a kwathu," anatero Salome, "akamaliza n'kudzakhala kumbuyo kwathu pa benchi, kumangoonerera. Akaona chala chako chazengereza penapake, ulendo wotsatira upeza asintha pomwepo. Zilembozi anazikulitsa chifukwa cha maso angawa."

Aida anatsegula tebulo la mayina. Monalisa analimo ndithu, mudzi wake, msinkhu wake, zonse. Koma malo olembapo tsiku loyembekezera kuchira anali opanda kanthu.

"Bwanji apa simunalembe?"

"Sankadziwa, mwana wanga. Ndi mimba yoyamba, ndipo anabwera mochedwa. Ndikanalemba tsiku labodza?"

"Ayi, munachita bwino."

Anatsegula funso lija naliwerenga. Bambo ake analilemba mwaudongo: bweretsa amayi onse amene tsiku lawo lili pakati pa lero ndi mwezi wa mawa. Aida anaona vuto nthawi yomweyo. Kwa kompyuta, malo opanda kanthu sali pakati pa masiku aliwonse. Mayi wosadziwa tsiku lake ankangodumphidwa mwakachetechete, popanda ngakhale chenjezo.

Anafotokozera Salome m'mawu osavuta. Kukhudza ntchito ya bambo ake kunali ngati kuwakonza kolala ya malaya iwo atagona. Anawonjezera mzere umodzi: bweretsanso onse amene alibe tsiku. Anakonzanso kuti mayina otero azikhala pamwamba penipeni, ofiira, kuti diso lisawaphonye. Pa fomu anaika kabokosi kodinapo mayi akanena kuti tsiku sakulidziwa.

"Dinani nokha, amama."

Salome anapukuta chala pa chitenje nadina. Dzina la Monalisa linatuluka, ndipo pansi pake panatsatira mayina ena angapo ofiira.

"Chiuta wane!" Salome anagwira pakamwa. Anayendetsa chala pa sikirini. "Uyu anachira kale kwa amayi ake, ali bwino. Uyu akadali kutali. Koma uyu, uyu amakhala kutsidya kwa mtsinje." Anatulutsa foni nthawi yomweyo. "A Amos? Thirani mafuta. Mawa m'mawa muyambire kwa Monalisa, kenako muwoloke. Ndikutumizirani mayina."

A Edward anali atasendera pafupi, ataweramira paphewa la Aida. Anawerenga mayinawo milomo ikuyenda, kenako anapempha kuti aone tebulo lonse. Aida anatsitsa mndandanda, ndipo mayina anangopitirirabe, a chaka chino, a chaka chatha, a zaka za m'mbuyo.

"Onsewa anadutsa mmenemu?"

"Onsewa, adada. Ena ana awo ayamba kale sukulu."

"Ife kumudzi tinkangodziwa kuti achimwene amagulitsa mbewu." A Edward anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Tikawaimbira n'kumati ali pa kompyuta, ine ndinkati akusewera."

Anakhala pa mpando kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. Hutala inaliranso, koma sanatekeseke.

"Aida, ichi chikadzavutanso, adzakonza ndani?"

"Ndine, bambo aang'ono. A Salome atenge nambala yanga. Pa Khirisimasi ndidzapita ndekha kukaona kompyuta yawo."

"Basi ikhale ndi iwe. Themba ndikamufotokozera."

"Musamukhumudwitse. Ku Lilongwe ndili ndi ina imene ndinkagwiritsa ntchito kusukulu, ikadali yolimba. Ndikangofika ndimutumizira. Lonjezo la bambo likwaniritsidwe konsekonse."

A Edward anamuyang'ana nthawi yaitali. "Zikomo, mwana wanga," anatero motsitsa. A Eluby anawomba m'manja kawiri mofatsa.

Aida anakopera pulogalamu yokonzedwayo mu fulashi, nalemba pa kapepala mmene Salome akaiikire pa kompyuta ya kuchipatala. Dzuwa linali litapendeka pamene anadina kuti atseke fomu. Koma fomuyo sinatsekeke. Pakati pa sikirini panatuluka kabokosi kakang'ono kokhala ndi liwu limodzi ndi mabatani awiri, Enya ndi Yayi, kutanthauza inde ndi ayi.

*Mwarya?*

"Ichi n'chiyaninso?" anafunsa a Edward. "Chavutanso?"

Salome anaseka, misozi ili m'maso. "Sichinavute, adada. Chikufunsa ngati tadya. Chimatuluka nthawi ya nkhomaliro ikadutsa. Achimwene anu anaona kuti odwala akachuluka ife timaiwala."

Aida sankadziwa za kabokosi aka. Bambo ake sanamufunsepo kapangidwe kake pa foni; anakapeza okha. Anasuntha mausi kuti adine Enya, koma Salome anamugwira dzanja.

"Iyayi, mwana wanga. Ine ndanyamuka kusanache, m'kamwa simunalowe kanthu. Bambo ako sindinawanamizepo."

Anadina Yayi. Kabokosi kena kanatuluka, ndipo a Eluby, osaona n'komwe sikirini, ananena mawu ake pamtima, ndi katchulidwe kokhota ka mwamuna wawo: "Lutani mukarye, ntchito yikuchimbira yayi." Anamasulira okha chifukwa cha alamu awo. "Akuti pitani mukadye, ntchito sithawa."

Salome anatseka laputopu ndi manja awiri, mosamala.

"Yewo, adada Cornelius," anatero, napita kukasamba m'manja.