Mwaye pa Imvi za Lunsford

Seveni koloko inali isanakwane, koma dzuwa la Julaye linali litayamba kale kuwotcha madenga a mumzinda wa Richmond. Mbendera za dzulo lake, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, zinali lende m'makonde, kopanda ndi kamphepo komwe. Ndinanyamula thumba la malumo n'kutsikira kumpanda wa a Tolliver, ogulitsa akapolo. Chimwalirireni mkazi wanga ndinkadzuka msanga, choncho ntchito ya m'mawa sindinkaikana.

Ndine wometa, wakuda koma mfulu. Amuna asanakwere pathebulo la malonda ndinkawameta ndevu n'kuwazula imvi. Zikachuluka ndinkazipaka mwaye wosakaniza ndi mafuta a nkhumba, kuti wogula aone mnyamata.

Tsikulo panali mkulu wina, kalipentala, dzina lake Lunsford. Mbuye wake anali atamwalira, ana n'kugulitsa zonse. Mkazi wake Mahala, wamng'ono kwa iye, anali tsidya la bwalo atavekedwa diresi yofiira. Tonse tinkadziwa kuti amutenga a Broussard, mwini minda ya nzimbe ku Louisiana, kutali kumwera, pakuti anali atamuona kale mano. Koma a Broussard sankagula nkhalamba.

A Tolliver atayang'ana mutu wa Lunsford anaseka. "Uyu musiye, wometa. Ungathe chumuni chonse. Amugula a konkuno, azikakonza mipando."

Atangochoka, Lunsford anandigwira malaya. "Achimwene, pakani."

"Mwamva nokha, bwana akana."

"Pakani wambiri. Ndipite limodzi ndi mayi uja."

"Mkulu, kunzimbe anyamata amatha ngati makandulo. Nanga inu?"

"Ndakufunsani zimenezo? Wanu munamuika nokha m'manda, mukudziwa pamene ali. Ine ndizikamufuna kuti?"

Ndinangomuuza kuti mafuta sapirira kutentha.

"Basi ndiletsa thukuta," anatero.

Ndinapaka bwinobwino, mpaka nsidze. Anzake a paunyolo anayamba kumunyogodola. "Taonani madala, akukafunsira kachiwiri!" Iye anawongola msana n'kuwafunsa ngati alipo amene ali ndi mlongo. A Tolliver pobwerera anamuzungulira, n'kugwedeza mutu mokondwa. Mnyamata amagulitsika bwino kuposa nkhalamba.

Chipinda cha malonda chinadzaza thothotho, mazenera otseka, fungo la fodya ndi kachasu. Anayamba ndi akazi. Mahala anapita kwa a Broussard, ndipo anamuimika pafupi ndi khomo. Lunsford atakwera, wotsatsa anamutcha mmisiri wa zaka makumi atatu ndi zisanu. A Broussard anakweza chala. Ndinaona Mahala akugwira chitseko.

"Anyamule mbiya iyo tione," anatero a Broussard.

Inali mbiya yamatabwa yodzaza misomali. Lunsford anainyamula mpaka paphewa. Anamuuza kuti ayende nayo, anayenda. Anamuuza kuti abwereze, anabwereza. Kenaka kamzera kakuda kanatsika kuseri kwa khutu n'kulowa m'kolala ya malaya ake oyera.

"Akusungunuka!" anakuwa wina kumbuyo. "Tolliver, ukugulitsa munthu kapena nsapato?"

A Broussard anatulutsa mpango, n'kupukuta mutu wa Lunsford pang'onopang'ono ngati akupukuta galasi. Imvi zinatulukira. Anaonetsa mpangowo kwa anthu, ndipo chipinda chonse chinafa ndi phwete.

"Bwana, ndimakhoma denga ndekha," anatero Lunsford, mbiya ikadali paphewa. "Nditengeni, ndidzadya theka."

"Agogo, tsitsani musathyoke," anayankha a Broussard, n'kutuluka ndi Mahala.

A Tolliver anauza anthu kuti kapoloyo wawapusitsa iwonso. Anapita naye kuseri n'kumukwapula ndi thabwa lamabowo, osati chikoti, poti chikoti chimasiya zipsera zotsitsa mtengo. Atatha anandiitana. "Tsuka zonyansa zakozi. Mawa ndimugulitsa ndi imvi zake."

Ndinamutsuka ndi sopo pa chitsime. Sankatha kukhala pansi, choncho anagwada. Sitima ya kumwera, yotenga Mahala, inalira tili pomwepo.

"Anaona?" anafunsa.

"Anali atazolika."

"Mukunama, achimwene. Mahala sazolika." Anatseka maso. "Kuseri kwa khutuku kwatsala."

Ndinatsuka pamenepo. Pofika kunyumba yanga yometera ndinapeza loya wina akundidikira, akudandaula za kutentha. Mwaye unali ukadali m'zikhadabo. Ndinasamba m'manja, ndinamufunditsa nsalu, n'kuyamba kunola lumo.