Amos Avomera Tsempho

Tiyese, mwana wa Amos, anali ndi miyezi isanu yokha koma anamwino onse ankamudziwa dzina. Chifuwa, zilonda m'kamwa, kutsegula m'mimba, kenako chifuwa chomwe chija. Ku Chinsapo matenda otere sachedwa kupeza mwini wake. Mayi Ennie, azakhali a Felesita mkazi wa Amos, anangomuyang'ana mwanayo kamodzi n'kugamula: tsempho. Bambo wayenda panja, mwana ndiye akuvutikira.

Amos anakana mpaka kukhosi kuuma. Munthu wokonza njinga za kabaza, girisi ali m'zikhadabo sabata yonse, akanapita kwa yani? Felesita anangoyamba kugona chomufulatira.

Zotsatira za magazi amene madokotala anatumiza kunja zitabwera, awiriwo anaitanidwa. Dokotala, mayi wa mawu otsika, anafotokoza mosathamanga.

"M'thupi muli asilikali otchedwa maselo a T. Aliyense amafunika kachida kozindikirira matenda. Thupi limapanga kachidako podula tizidutswa ta majini, malangizo amene timatengera kwa makolo, n'kutilumikiza: ka D kagwirane ndi ka J kaye, kenako ka V kabwere. Selo lililonse limasankha tizidutswa take, n'chifukwa chake asilikaliwo amadziwa adani ambirimbiri. Mwa Tiyese chodulira tizidutswato sichigwira ntchito. Tizidutswa tilipo tonse, koma sitikumana."

Amos anamva bwinobwino. Tcheni chosalumikiza sichiyendetsa njinga, kaya chikhale chatsopano.

"Ndiye walakwa ndani?" anafunsa.

"Palibe. Anatengera kwa nonse awiri, inu osadziwa."

"Nanga mankhwala ake?"

"Kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Kuno sitichita zimenezo." Dokotala anatchula maiko angapo. Amos anagwedeza mutu mwaulemu, ngati akumuuza za sitolo ya kuseri kwa msika.

Mu minibasi anakondwa, tisaname. Anali wosalakwa, ndipo mkazi wake anamva ndi makutu ake. Chimwemwecho chinatha asanatsike, atayang'ana kamutu ka mwana kali lende kumsana kwa mayi ake. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Kunyumba anapeza mayi Ennie pakhonde, mizu yawo yatsempho ili m'kajumbo monga mwa masiku onse. Amos anakhala pansi n'kuvula chipewa.

"Azakhali, kodi tsempho limachira?"

"Mwamuna akavomera, mwana n'kumwa izi, amadzuka sabata yomweyo. Koma inu paja ndinu mngelo."

"Ndinayendadi," anatero Amos.

Mayi Ennie anawongola msana. "Ndi yani?"

Apa Amos anali asanakonzekere. "Wa ku Mgona," anayankha, poti kumeneko sankadziwako munthu aliyense.

Azakhali anamulalatira mpaka oyandikana nawo anatuluka ndi mipando. Iye anangoti zyoli, kulandira zonse.

Felesita, amene anamva mawu onse a dokotala, anamuyang'ana mwamuna wake kwa nthawi yaitali. Kenako anamupatsira mwana, n'kulowa m'nyumba kukatenga kapu ndi supuni.