Uchi Wosanduka Mchenga

"Amayi, shuga akasowa mu tiyi amapita kuti? Nanga wotsala pansiyu wakaniranji?"

Purity anafunsa zimenezi ali ndi zaka zisanu. Tsopano anali pabanja ku Kitwe, koma funsolo linawabwerera amayi ake, a Florida, m'mawa wina wachisanu mu Juni 1994, atakhala pakhonde ku Maramba botolo la uchi lili m'manja.

Uchiwo unali wa mumng'oma wotsiriza umene malemu bambo awo anapachika ku Petauke. Popita ku Choma kukadwazika mlamu wawo, anausungitsa kwa a Maimbolwa, mnansi wawo wa zaka khumi. Pobwera anaupeza wauma gwa, wotuwa ngati mchenga wa Zambezi.

"Bakuikirani shuga," anatero mayi wina wakumsika atamuonetsa botololo. "Wazoona bananyambita."

Masiku atatu moni sanadumphe mpanda wa pakati pa a Florida ndi a Maimbolwa.

Chakum'mwera utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya unali chiimire, wosakula, wosachepa: madzi ena akukwera, ena akubwerera. A Florida anauyang'ana mpaka maso anachita chidima, n'kumva ngati ali pabenchi ya sukulu ya madzulo imene ankaphunzirako kale, mphunzitsi akupukuta choko m'manja.

"Chinthu chochitika pachokha chimakhala chikutsetsereka," ankatero iye. "Mphamvu yake yogwirira ntchito imanka nichepa mpaka pachidikha. Pamenepo mumati zaima. Sizinaime ayi: shuga wosungunuka ndi wobwerera kukhala mibulu angolingana. Mukasintha kutentha, chidikhacho chimasamuka."

A Florida anafunditsa madzi pambaula, naimikamo botolo lija. Anadikira. Mchenga unayamba kusungunuka m'mbali, ukutsika pang'onopang'ono ngati mtambo wotopa, uchi wonga golide ukukwera. Atatsegula, kunatuluka fungo la maluwa a kwawo, ndipo kwa kamphindi anaona bambo awo ali mumtengo, udzu wofuka uli m'dzanja. Analawa. Unali womwewo, sunachepe ngakhale ndi chala.

Anapita kumpanda. A Maimbolwa ankayanika zovala atafulatira.

"Mwauka bwanji, ba Maimbolwa?"

"Iye! Kansi mukali na pakamwa? Nenze naganiza lilime munasiya ku Choma."

"Uchi uja munausunga pati?"

"Pansi pa bedi, pa simenti, kumbuyo kwa nongo ya madzi. Kuti nyerere na bana basaupeze. Ndiye mulandu?"

Malo ozizira koposa m'nyumba monse. A Florida anakweza botolo, dzuwa n'kudutsamo.

"Ni mphepo inaumitsa. Ine n'namvera bakumsika."

A Maimbolwa anayang'ana uchiwo nthawi yaitali, chovala chikudontha m'manja.

"Shuga wamene bakamba, nenze nizaupeza kuti? Wanga wa tiyi nimapempha kuli imwe."

Anaseka onse.

"Nalonjeza, banzanga," anatero a Florida. "Chikanivuta mumtima, nizayamba kubwera pampanda pano, osati kumsika."

"Na ine nalonjeza," anatero a Maimbolwa, akutambasula dzanja pamwamba pa mpanda. "Ukaumanso muniitane. Mbaula ni yanga, tizaudikira tonse."