Zovala Zofikira kwa Apongozi

Chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku Zambia, ine Laurinda ndinali ndi kachisakasa kanga pa Cassacatiza, pachipata cha m'malire, pafupi ndi pamene magalimoto ankatsitsira anthu. Ndinkagulitsa zovala za m'mabelo. Ife amene nkhondo inatitsekera ku Tete timazitcha kalamidade, ochokera ku Zambia amati salaula, a ku Malawi amati kaunjika. Fungo lake ndi limodzi lomwelo.

Koma ntchito yanga yeniyeni inali kuveka anthu. Mzimayi akatsika m'galimoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, bulangete lotuwa la kumsasa lili pamutu, chimene ankayamba kufuna sanali madzi akumwa. Ankafuna kukafika kumudzi kwawo osaoneka ngati wothawa nkhondo. Ndiye ankabwera kwa ine, ine n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumuuza chilungamo. Ena ankakwiya. Akwiye, bola akafike akuoneka ngati anthu.

Nyengo imeneyo ndi yovuta kuvekera munthu. Mvula yatha, chimanga chauma m'minda, m'mawa kumazizira mpaka zala kuuma, koma dzuwa likafika pamutu umalakalaka utavula ndi khungu lomwe. Munthu wodziwa amavala mosanjikiza: kabulauzi kopyapyala mkati, juzi ya mabatani pamwamba yoti masana n'kuimasula, chitenje m'chiuno, ndi duku losakangana ndi chitenjecho. Chaka chimenecho amayi anapenga ndi mitundu ya masika, yofiirira ngati mapira okhwima ndi yachikasu ngati mkati mwa dzungu. Mabulauzi otukuka m'mapewa sankagona pachingwe changa. Atsikana a ku Chipata anabweretsanso kamangidwe ka duku koika mfundo pambali, pamwamba pa khutu, ndipo ine ndinakatengera tsiku lomwelo.

M'mawa wina kukuzizira, panafika mzimayi wamtali, wochepa thupi, wopanda mwana kumbuyo. Zokongola zonse zimene ndinapachika anangozidutsa. Anagwada pa mulu wapakona, pamene ndinkaunjika zakuda zodikira maliro, n'kusolola bulauzi yaikulu ngati thumba la chimanga.

"Imeneyo si yanu, amayi," ndinatero. "Mungalowemo awiri."

"Ndikufuna imeneyi."

"Yaing'ono ilipo, yakudanso."

"Imeneyi," anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Tsopano mundipezere chophimba pamwamba pake."

Ndinampatsa juzi yachikasu imene atsikana ankailimbirana. Anaitembenuza, n'kunena kuti ikuseka kwambiri. Ndinampatsa yakuda. Anati imeneyo ndiye ikulira. Yamaluwa sanaikhudze n'komwe.

Ine ndili ndi matenda amodzi: chinthu chikandidabwitsa, chakudya sichitsika. Munthu wopita kumaliro safuna chophimba, wopita kuchisangalalo sagula zakuda. Nanga uyu akupita kuti? Ndinamukokera kampando, n'kumuuza mosabisa kuti sindiveka munthu amene sindikudziwa kumene akupita.

Anakhala pansi n'kufotokoza. Dzina lake anali Ivone. Anathawira ku Zambia ndi mwamuna wake Timoteyo, ndipo Timoteyo anadwala n'kumwalira kumsasa komweko zaka zingapo zapitazo. Ivone anavala zakuda mpaka nthawi yake itakwana, amayi a kumpingo n'kumuvula. Koma apongozi ake, aNaphiri, sanathawe nawo. Anabisala m'mapiri nkhondo yonse, ndipo tsopano anali pamudzi pawo, m'njira yopita ku Mualadzi. Za imfa ya mwana wawo sankadziwa. Obwerera ena amene ankadziwa ankangowazemba, n'kumati mkazi wake akubwera, adzanena yekha.

"Ndamva kuti amakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse," anatero Ivone. "Pamenepo njira imaoneka kutali. Aliyense akatulukira, iwo amaimirira."

"Ndiye valani zakuda. Wobwera ndi uthenga wa maliro amatero."

"Ndikavala zakuda adzaona ndili kutali. Adzagwa pansi okhaokha, ine ndisanafike powagwira. Ndi munthu wamkulu."

"Valani zowala."

"Adzaimba nthungululu. Adzati Timoteyo akubwera m'mbuyo ndi katundu. Ndiye ine ndidzatsegula bwanji pakamwa?"

Ndinali nditaveka akwati, ndinali nditaveka amayi okakumana ndi akazi anzawo a pamitala, koma munthu wofuna zovala zosanena kanthu ndinali ndisanakumane naye. Kwathu kuno nsalu imayankhula mwini wake asanapereke moni. Ndinamumvera chisoni, komanso kunena zoona, manja anayamba kundiyabwa.

Tinalowa kuseri kwa mphasa imene ndinkatchingira oyesa zovala. Bulauzi yakuda ija ndinaipinda kumsana n'kuigwiriza ndi mapini, mikono yake n'kuikwinyira m'mwamba kuti isasuzumire. Pamwamba ndinamuveka juzi yofiirira ngati dothi lonyowa, ya mabatani ofika pakhosi. Chitenje ndinasankha chobiriwira moderako, cha timasamba ting'onoting'ono, choti munthu akhoza kupita nacho kutchalitchi kapena kuchigayo. Duku ndilo linandivuta. Ndinafuna kumanga mfundo pambali, Ivone anandigwira dzanja.

"Kumbuyo," anatero. "Mfundo yapambali ndi ya munthu wokondwa."

Ndinamanga kumbuyo. Nditamuimika panja n'kubwerera m'mbuyo kuti ndimuone bwino, ndinakhutira. Sanali wamaliro, sanali wachikondwerero. Anali mzimayi woyenda ulendo m'nyengo yozizira, basi. Koma bulauzi ija inkandisowetsabe mtendere. Ndinafunsanso chifukwa chake anaumirira yaikulu chonchi, iye n'kuyamba kumanga katundu wake ngati sanamve.

Ndinaitana Estevão, wokonza njinga woyandikana nane, kuti andiyang'anire chisakasa. Ivone ndinamuuza kuti mapini angamasuke m'njira, ndiye ndimuperekeza. Anandiyang'ana ngati wadziwa kuti mapini alibe mlandu, koma sanakane.

Tinkayenda motsogozana, phazi pamene papita phazi la mnzako, chifukwa masiku amenewo m'mbali mwa njira munali mabomba okwirira. Dzuwa linakwera. Ine ndinamasula juzi yanga n'kuimanga m'chiuno, ndipo pomwepo ndinaona pamene nzeru zanga zinaperewera. Juzi ya nyengo ino imavalidwa kuti masana ivulidwe, ndipo ife tinali kukafika masana enieni. Ivone thukuta linali chuchuchu, kutsika m'khosi n'kulowa mu ubweya wa juzi, koma batani ngakhale limodzi sanalikhudze.

Tinakumana ndi amayi awiri atasenza madengu a chimanga. Atatipatsa moni, wamkuluyo anamuyang'anitsitsa Ivone.

"Ndi malungo, mana?" anafunsa, mmene timaitanira mchemwali kwathu kuno.

"Ayi, ndili bwino."

"Dzuwa lonseli?"

Ndinayankha ndine, kuti ndi mmene akuvalira ku Chipata chaka chino. Mayiyo anapukusa mutu n'kunena kuti a ku Zambia abwera ndi zambiri. Titapitirira ndinamva akuseka, ndipo mtima unandipweteka chifukwa ntchito inali yanga.

Mtengo wa mango tinauona tili patali ndithu. Pansi pake panadzuka kamunthu kakang'ono, kataphimba maso ndi dzanja. Ivone anaima.

"Si iwo," ananong'ona. "Apongozi anga ndi athupi. Akakhala pamphasa, wina sakhalapo."

Kamunthu kaja kanayenda pang'ono kubwera kunjira, kakutsimphina mwendo wamanzere. Ivone anapuma mwamphamvu n'kunena kuti ndi iwo, mwendo umenewo anathyoka kalekale. Ine ndinatchera khutu. Kulira kunalibe, nthungululu kunalibe. Agogowo anangoima, akuwerenga zovala zathu, ndipo zovalazo sizinawauze kanthu.

Titafika Ivone anagwada. ANaphiri anali atavala chitenje chimodzi chokha chomanga pachifuwa, chosuluka moti maluwa ake sankadziwikanso. Mafupa a m'mapewa anali poyera. Anamugwira Ivone kumaso ndi manja onse awiri, n'kumutchula dzina, n'kumutchulanso. Kenako maso awo anadumpha phewa lake, anadumpha ine, n'kupita kunjira.

"Tikhale pansi, amayi," anatero Ivone.

"Katundu mwasiya ndi ndani?"

"Tikhale kaye pansi."

Anakhala pamphasa. Ivone anakhala moyandikira kwambiri, kuposa mmene mtengwa amakhalira ndi apongozi ake, bondo kukhudza bondo. Ulendo wonse uja anakonzekera zovala, koma pakamwa sanakonzekere.

ANaphiri anamuyang'ana thukuta lija. Anayang'ana ine, juzi yanga ili m'chiuno. Anayang'ananso Ivone.

"Mwana wanga, juzi mpaka pakhosi, dzuwa lili pamutu? Mufuna kupsa?"

Anatambasula manja n'kuyamba kumumasula okha, mmene umavulira mwana wobwera kosewera. Batani loyamba linavuta chifukwa zala zawo zinali zouma. Lachiwiri linamasuka msanga. Nsalu yakuda inaonekera, ndipo zala zija zinaima pomwepo.

Pamene mawu oyamba a kulira ankatuluka, manja a Ivone anali atawazungulira kale. Sanagwe pansi. Anagwera pachifuwa pa mtengwa wawo, nkhope ili pa bulauzi yakuda ija, akuitana Timoteyo ndi dzina lake laubwana limene ine sindinalimvetse. Anthu anatuluka m'minda akuthamanga, ena zisononkho zili m'manja. Ine amene ndinabwera kudzaonerera ndinalira ngati mwanayo ndinabala ndine.

Dzuwa litapendeka, kulira kutatsika, aNaphiri anafunsa kuti zinachitika liti. Ivone anati kale, mvula zingapo zapita. Anafunsa ngati anaikidwa ngati munthu, Ivone anati inde, m'bokosi, ndi nyimbo. Anafunsa ngati iye anavala zakuda.

"Ndinavala, amayi. A kumpingo anandivula nthawi itakwana."

"Nanga iyi?"

"Iyi ndi yanu. Ndinamva kuti kuno nsalu kulibe."

Apo ndiye ndinamvetsa, ine wodziwa kuyeza anthu ndi maso. Analowa m'nyumba awiriwo, ine n'kuitanidwa kuti ndikachotse mapini anga. Ivone anatsala ndi juzi yokha, mikono atakwinya. ANaphiri atavala bulauzi ija, mapewa ake otukuka anagwera m'zigongono, m'munsi mwake n'kufika m'mawondo. Anadziyang'ana, n'kukweza manja, nsalu ikulendewera uku ndi uku.

"Munagulira Naphiri wakale," anatero. Kunali kuseka kosatha bwino, ndipo Ivone anatembenukira kukhoma.

Ine singano sindiyenda osaitenga, imakhala yobaya m'duku. Ulusi wakuda ndinasolola m'mphepete mwa bulauzi momwemo. Ndinawapempha kuti titulukire panja pamene pali kuwala, ndiwachepetsere ili m'thupi. Ndikulowetsa ulusi, ndinaona akuyang'anitsitsa mutu wanga.

"Inu a kuchipata, duku limeneli mwamanga bwanji? Mfundo yathawira kukhutu?"

"Ndi mmene akumangira chaka chino, amayi."

"Atsikana okha?"

"Aliyense amene mtima wake wamasuka."

Anaitana Ivone kuti agwade patsogolo pawo. Anamasula mfundo yakumbuyo ija, n'kuzunguza duku, akuyang'ana langa kuti aone mmene likukhalira. Mfundo yawo inatuluka yopotoka, yaikulu ngati chibakera, ndipo tsiku lina ndikanaimasula pomwepo. Ndinaisiya.

"Inu munalira kale," anatero. "Kwatsalaku ndi kwanga."

Ndinagwira nsalu ya paphewa lawo n'kuipinda kawiri kuti ikumane ndi fupa. Ndinawauza kuti asagwedezeke, singano ingawabaye. Anaima chilili mpaka ndinamaliza mbali zonse ziwiri, nkhope ataloza kunyumba, njira ili kumbuyo kwawo.